Kufatsa kwa Yotamu

Kwa Mlolo,
Chadiza.

Misozi mwana wanga,

Usadabwe kupeza pepala ili m'thumba la matewera. Ndaliika mmenemo dala, chifukwa ndi thumba lokhalo limene ulitsegule musanafike ku Chipata. Ndikanaliika m'sutikesi bwenzi ukuliwerenga ku Lusaka mwezi wamawa, utayamba waonetsa amuna ako mbale zatsopano. Ndikulemba masana ano kuseri kwa nkhokwe, iwe uli kalikiliki kumanga katundu m'nyumbamo. Atate ako ndawauza kuti ndikulembera azakhali ako a ku Katete. Ndi bodza laling'ono, Mulungu aliona yekha.

Ukudziwa kuti ine ndi cholembera sitimvana. Sukulu ndinalekera panjira, ndiye mawu ena ukawapeza opotoka uwaongole wekha. Koma pakamwa zandikanika. Sabata ino nkhani imeneyi ndaiyamba katatu, katatu konse tathera kuyankhana mokalipa. Komanso muli zina muno zimene mayi sauza mwana wake maso ndi maso, zimayenera kudzera kwa anamkungwi. Nanga anamkungwiwo si anatha masiku awiri akukuuza za mwamuna, za khanda osanenapo kanthu?

Nkhani yake ndi Yotamu. Mwana wakoyu akundiopsa, ndipo akundiopsa ndi chinthu chomwecho chimene anthu akumuyamikira nacho. Aliyense wobwera kudzamuona akuti, "Koma mwana uyu ndi wofatsa, ngati mulibe khanda m'nyumba muno." Iwe umamwetulira. Sindikukuda, nanenso ndinamwetulirapo chomwecho.

Kumbukira kuti ndine ndakhala ndikuchapa matewera ake chitulukire iwe m'chikuta. Milungu yoyamba chingwe chinkadzaza mpaka ena ndinkayanika pa mpanda. Masiku ano ndikuchapa atatu, mwina anayi, tsiku lonse, ndipo mkodzo wake ndi wachikasu kwambiri. Lachinayi lija kusikelo unaona wekha kuti kadontho ka pakhadi sikanakwere. Anamwino anangoti, "Mayi, muziyamwitsa pafupipafupi," n'kuitana wina, poti mzere unali wautali. Pobwerera unati sikelo yawo ndi yakutha. Ndinakufunsa kuti lero wayamwa kangati, iwe n'kuti, "Amama, mwasanduka kapitawo wa bere langa? Mwana akafuna amalira. Salira ndiye kuti wakhuta." Pakamwa pakopo unatengera ine, ndikanayankha anthu a m'njira akanationerera.

Sindikunena kuti ine ndikudziwa. Ndikuuze zoona, pa nkhani ya makanda mutu wanga ndi wosokonezeka lero kuposa tsiku limene ndinabereka koyamba. Ndabereka asanu, ndalera anayi, ndipo pa mwana aliyense ndinkauzidwa zosiyana, aliyense wondiuzayo akulankhula ngati anachita kutumidwa kumwamba. Nzeru zoongoka ndilibe. Ndili ndi zolakwa zanga zokha, ndiye ndikuyalira pano usankhemo wekha.

Umadziwa kuti unali ndi mlongo wako Mateyu amene anatisiya iwe usanabadwe, n'chifukwa chake tinakutcha dzina limenelo. Chimene sudziwa ndi mmene anapitira, chifukwa pakhomo pano sitinena. Ndinali kamtsikana, wamng'ono kuposa iwe lero. Mateyu anabadwa nyengo ngati inoyi, thonje litayera m'minda. Anali mwana wokongola, watsitsi lambiri, ndipo ankagona. Ambuya ako, amayi anga, ankauza aliyense kuti, "Mwana wanga wabereka bwino, khanda losavuta." Ine n'kumadzimva. Ndinkamugoneka pansalu pansi pa mtengo m'mphepete mwa munda, n'kumatola thonje kuyambira mmawa mpaka dzuwa pamutu. Ndikapita kukasuzumira ndimupeza mwina ali m'tulo, mwina maso ali otsegula pang'ono, akutembenuza mutu pansalu paja, kankhonya kali kukamwa. Ndinkabwerera monyang'ama kuti ndisamusokoneze. Akalira, kulira kwake kunali kochepa. Ndimupatsa bere, akoka kangapo, wagona, ine n'kumuchotsa, n'kubwerera ku thonje. Mawere poyamba ankalimba mpaka kuwawa, kenaka anasiya kulimba, ine n'kumati zinthu zakhala m'malo.

Ambuya ako anali atamumanga mkuzi, kachingwe ka m'chiuno kaja, monga ndamumangira Yotamu. Patapita milungu ndinaona kuti kakutsikira kumatako. Ndinati mfundo yakhwefuka, ndinamasula n'kumanganso mothina. Patapita masiku kanatsikanso, ndinamanganso. Manja anga omwewa, Misozi, anafupikitsa kachingwe kaja kawiri, osadzifunsa kuti kodi chikutalika ndi chingwe kapena akuchepa ndi mwana.

Pamene akuluakulu anazindikira, liwombo linali litalowa, khungu la m'ntchafu lili makwinyamakwinya. Anamupaka mankhwala paliwombo, sizinathandize. Ndiye kunabwera mawu aja: tsempho. Ukudziwa chimene amatanthauza, kuti mwana akamawonda chotero ndiye kuti bambo wayenda ndi mkazi wina mwanayo asanatengedwe kumphasa. Atate ako nthawi imeneyo ankapitapita ku Chipata kukagulitsa nkhuku, ndiye zinangogwirizana. Amalume anga anawakhazika pansi, tsiku lonse kuwapanikiza kuti aulule. Iwo analumbira mpaka misozi. Tsiku lonse limenelo anthu ali pa mlandu, mwana ali m'nyumba akugona, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti kodi wayamwa liti. Mateyu anamwalira asanakwane miyezi itatu. Atate ako ndinatha miyezi osawalankhula, madzi osamba ankadzitungira okha.

Kodi inali njala? Kodi anali matenda ena amene anabadwa nawo? Kodi linali tsempholo? Ukandifunsa kutchalitchi ndinena kuti tsempho kulibe. Ukandifunsa kumanda ndingokhala chete. Sindikudziwa, mwana wanga, ndipo amene akanandiuza kulibe. Chimene ndikudziwa n'chimodzi: ine sindinamudzutsepo Mateyu ngakhale kamodzi kuti ayamwe. Ndinkati mwana wogona sadzutsidwa.

Utabadwa iwe ndinalumbira kuti za kumudzi ndathana nazo, ndizimvera za kuchipatala zokhazokha. Ndinakakuberekera kuchipatala cha ku boma. Kunali anamwino ena achikulire, a kachipewa koyera, olankhula ngati msilikali. Anati mwana aziyamwa pa nthawi yake, maola anayi akakwana, osati nthawi iliyonse ngati kamwana ka mbuzi. Akalira pakati, msiyeni alire, mapapo akule. Ndinavomera ndi mutu. Nditafika kumudzi ndi pamene ndinakumbukira kuti mudzi wonse wotchi inali ndi aphunzitsi okha. Ndiye ndinkamvera chitsulo cha kusukulu, chija amachimenya polowa, popuma ndi poweruka. Chikalira, bere. Chisanalire, ayi. Loweruka chitsulo sichilira, ndiye ndinkangoyang'ana dzuwa ngati wolosera mvula. Usiku ndinkakupatsa mobisa ngati ndikuba, mwina n'zimene zinakupulumutsa. Seka, nanenso ndimaseka ndikakumbukira, koma nthawi imeneyo sizinali zoseketsa.

Iwe sunali Mateyu. Unkalira mpaka agalu a tsidya lija kuyankha. Pofika nthawi yoti chitsulo chilire unali utakwiya kale, nkhope ili psuu, msana utaupinda, ukumenya bere ndi timanja koma osaligwira. Ndiye ine n'kumati mwana akukana bere, mkaka wanga ndi woipa, ndi womwewu unapha woyamba uja. Ndinkalira nawe limodzi. Amene anathetsa zimenezo ndi atate ako. Tsiku lina pochokera kumunda anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi mwanayu walembetsa giredi chani, poti akudikira belu?" Anakutenga, anayenda nawe pabwalo uku akukusisita mpaka unatonthola, n'kukubwezera kwa ine, ndipo unayamwa bwinobwino. Apo ndinatolapo chimodzi, chakuti mwana akafika polira kwambiri amalephera kugwira bere, uyambe wamutonthoza kaye. Koma sizinandifike m'mutu kuti ndikanatha kukupatsa usanayambe kulirako. Zimenezo zinanditengera zaka zina zambiri.

Pa mlongo wako Sitefano ndinalakwira mbali inayo. Mantha a Mateyu anali asanandichoke, ndiye ndinati uyu yekha njala sadzaidziwa. Akalavula bere, ndimubwezera. Akatembenuzira nkhope kumbali, ine n'kuitembenuzanso. Asanakwane miyezi itatu ambuya ako anati mwana wamwamuna sakhuta mkaka wokha, tiyambe phala. Unaonapo mmene amamwetsera kumudzi kuno: mwana chagada pamiyendo, dzanja ulipinde pakamwa pake ngati kachikho, uthiremo phala lamadzimadzi, afune asafune ameze. Sitefano ankatseka pakamwa, n'kumakankha ndi lilime, ine n'kumati ndi mwano wa kwa atate ake. Tsiku lina ndinamutsina mphuno kuti ayasame. Phala linalowa njira ina. Anatsamwa, maso anatuzuka, milomo inada, mawu osatuluka. Ambuya ako anamuzondotsa n'kumumenya pamsana mpaka phala linabwerera. Anadwala chifuwa mwezi wathunthu. Ndinakhala pansi padothi n'kudzifunsa kuti, woyamba ndinamumana, uyu ndatsala pang'ono kumupha ndi chakudya, nanga pakati pake ndi pati? Panalibe wondiyankha, ambuya akowo anangoti phala linali lolimba, mawa tisungunule kwambiri.

Amene anadzandiyankha ndi aLuwiza, amake Zeka, a kudimba aja umawaseka kalankhulidwe. Unali wamkulu ndithu pamene anafika kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ukukumbukira, ali ndi chitenje chimodzi ndi kamwana kumsana. Anzawo ambiri abwerera kwawo tsopano, iwo akuti manda a amuna awo ali kuno, apita kuti. Nthawi imeneyo ine ndinali ndi mng'ono wako Enelesi wa milungu itatu. Tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde, Enelesi ali pamphasa, aLuwiza anati, "Amake Misozi, mwana akupempha."

Ndinayang'ana, mwana ali phee, maso otseka. Ndinati, "Akupempha chiyani? Wagona uyu."

Anati, "Taonani kukamwa."

Ndinayang'anitsitsa. Timilomo tinkagwedera, kalilime kakutuluka n'kubwerera. Kenaka anatembenuza mutu uku ndi uku ngati wataya kanthu pamphasa. Nkhonya ili gwa, akuikokera kukamwa, aiphonya, aikokeranso. Ndinamunyamula, ndipo anagwira bere nthawi yomweyo, osalira ngakhale pang'ono. Ana anayi ndinali nditabereka kale, Misozi, ndipo zimenezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku. Ndinkati ndi masewera a makanda.

Ndinawafunsa kuti anawaphunzitsa ndani. Anaseka kuseka kosakondwa. Anati pothawa anabisala m'bango masiku atatu, iwo ndi anthu otsala a m'mudzi mwawo, asilikali akudutsa chapafupi moti fungo la fodya wawo linkamveka. Zeka anali wa mwezi umodzi. Bambo wina wachikulire anawanong'oneza kuti, "Mwanayo akangolira tatha tonse. Udziwe chochita." Iwo anamva chimene bamboyo ankatanthauza. Ndiye anamulowetsa Zeka mkati mwa chovala, khungu lake kukhudza lawo, osagona, kumangomumvetsera ndi thupi. Anandiuza kuti, "Akangogwedezeka ndimupatsa. Akanyambita ndimupatsa. Masiku atatu mwana uja sanalire, ndipo sanagone ndi njala. Mwana amapempha kangapo mwaulemu, amake Misozi. Akamalira ndiye kuti watopa nako kupemphako."

Tsiku limenelo mtedza sindinaumalize. Ndinapita kuseri kwa nyumba, ndipo chimene ndinkaona ndi Mateyu pansi pa mtengo m'munda wa thonje, akutembenuza mutu pansalu, kankhonya kali kukamwa, ine ndikumusuzumira n'kumati taonani mwana wanga akusewera yekha. Zaka zonse zija ndinkasungira atate ako chakukhosi. Mpaka lero sindinawauze zimenezi. Ndimati ndiyambe, mawu amandithawa, ndiye ndimangowawonjezera ndiwo m'mbale.

Tsono mvera, amake Yotamu, poti tsopano ndiwe mayi ndipo sufuna kuuzidwa. Usadikire kulira. Uziyang'ana kukamwa kwake ndi manja ake. Akamanyambita, akamayasama ngati kambalame, akamatembenuza mutu kufunafuna, akamadya nkhonya, ameneyo akupempha, ngakhale maso ali otseka. Siya chimene ukuchita. Mbale sizithawa, ndipo amuna ako akadya mochedwa tsiku limodzi safa. Ukafuna kutsimikiza, mukhudze patsaya ndi chala, ukaona akutembenukira komweko atayasama, usafunsenso munthu. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe kudekha ulibe, unatengera ine, koma uyesetse.

Za kukhuta nazonso anandionetsa ndi aLuwiza omwewo. Anati ndiziyang'ana manja. Mwana wanjala amayamba kuyamwa atafumbata, thupi lili lolimba. Akamakhuta zala zimatambasuka pang'onopang'ono, mkono umalendewera, kukoka kumachepa, kenaka amalavula bere yekha, mkaka uli m'mbali mwa kamwa. Ukamupatsanso amatseka milomo kapena kuyang'ana kumbali. Akatero mugeyetse, umuyese bere linalo. Akalifuna ayamwe, akakana msiye. Usalimbane naye ngati mmene ndinkachitira ndi Sitefano. Mimba ndi yake, amaidziwa kuposa iwe.

Koma apa pali pamene pamandisokoneza ngakhale ineyo, ndipo ndi pomwe pali Yotamu. Pali tulo ta kukhuta, palinso tulo ta kutopa, ndipo kunja timaoneka tofanana. Ndakhala ndikukuyang'anani masiku onsewa. Umamuika kubere, akoka kanayi kapena kasanu, maso atseka, iwe n'kuti "wakhuta" n'kumugoneka, n'kuthamangira kumtondo. Koma manja ake amakhala akadali ofumbata, Misozi. Ndipo sindimumva akumeza. Tchera khutu: mwana amene akupezadi mkaka amakoka mozama, nsagwada zikuyenda mpaka kukhutu, ndipo pakhosi pamamveka kakuti ku, ku. Yotamu amangonyambita nsonga. Muonetsetse wayasama kwambiri, bere lilowe lambiri mkamwa, osati kansonga kokha. Akayamba kuodzera pabere mufundukule, mugirigishe kuphazi, mupukute kumaso ndi kansalu konyowa, mulankhule, mpaka ayambirenso. Bere limodzi alimalize lifewe, kenaka linalo. Mawere akamakokedwa kwambiri ndi pamenenso mkaka umachuluka. Ine anga aja anasiya kulimba chifukwa panalibe wowakoka, ndinadzazindikira mochedwa.

Dzulo uli kumjigo ndinachita chinthu chimene sindinakuuze. Ndinasamba m'manja n'kumukhudza patsaya ali m'tulo. Anatembenuka n'kugwira chala changa, n'kuchikoka mwamphamvu mpaka chikhadabo kuwawa. Anakoka, anakoka, ataona kuti mulibe kanthu anangosiya, osalira, n'kugonanso. Kusiya kumeneko ndi kumene kwandilembetsa kalatayi. Mwana akapempha osapatsidwa, tsiku ndi tsiku, amafooka n'kuleka kupemphako, ndiye anthu amati wafatsa. Ukubwera ndi ndowa unandipeza ndikupukuta m'maso, ndinati ndi utsi.

Ndiye mwana ngati ameneyu usamudikire, umudzutse. Wotchi uli nayo, ija anakugulira amuna ako. Ndikudziwa kuti ndangokuuza kumene kuti wotchi inandipusitsa, ndipo tsopano ndikuti uyang'ane wotchi. Waona mmene mutu wanga uliri? Koma ndikuganiza kuti zili chonchi: wotchi isakuletse kumupatsa, koma ikukumbutse akagonereza. Maola awiri kapena atatu akadutsa asanayamwe, munyamule, usana ndi usiku womwe, mpaka kadontho ka pakhadi kayambe kukwera. Uziwerenganso matewera poti ine wochapa kulibe uko. Asanu ndi limodzi onyowa bwino pa tsiku, kapena kuposa, mkodzo woyera, ndiye kuti mkaka ukulowa. Mkuzi uja ukatsika usaufupikitse. Ndanena, usaufupikitse.

Ku Lusaka ukapeza aphungu ambiri. M'makomboni mmenemo khomo lililonse lili ndi dokotala wake. Wina adzati mpatse madzi a shuga, wina adzati phala, wina adzati gula mkaka wa m'chitini, wa m'mawere mwako ndi wamadzi. Apongozi ako akazi nawonso adzabwera ndi zawo, ndipo iwe sudzatha kuwayankha mmene umandiyankhira ine. Uwalandire mwaulemu, uwathokoze, koma mwana ndi wako. Anamwino a masiku ano akuti bere lokha miyezi yoyambayi, ngakhale madzi ayi. Chipatala chake ndi chomwe chija anandiuziramo za maola anayi, lero akunena zina, ndiye ine ndinayamba ndakayika. Inu nonse ndinakumwetsani madzi ndipo muli moyo. Koma ndimakumbukiranso mmene munkatsegulira m'mimba, pamene Enelesi, amene ndinamulera pa bere lokha monga anandiuzira aLuwiza, sanandivute chotero. Kaya zinangochitika, kaya n'zoona. Pamenepa ndikuti mvera anamwinowo.

Ndipo ukafika usadikire tsiku la sikelo la mwezi wamawa. Kukacha, katundu asanamasulidwe, pita naye kukiliniki ndi khadi lake. Ukawauze zonse: kuti amagona kwambiri, kuti matewera achepa, kuti sanakwere. Usakachite manyazi, usakanene kuti ali bwino chifukwa choopa kukalipiridwa. Akakukalipira ulandire, kukalipa sikupha. Mwina vuto ndi kayamwidwe kokha, mwina pali china chimene ine sindingachione ndi maso a kumudzi. Ndipo tsiku lina ukadzamudzutsa iye osadzuka bwino, kapena osafuna kukoka n'komwe, kapena liwombo litalowa, kapena thupi litatentha, usadikire kuti amuna ako aweruke kuntchito. Bereka mwana uthamange.

Chinanso, ndipo ichi ndi chimene sindikanatha kukuuza pakamwa. Mwana akapitiriza kuwonda, padzapezeka wina wonong'ona za tsempho, poti amuna ako akhala okha m'tauni miyezi yonseyi. Mawu amenewo amalowa msanga mumtima mwa mkazi, ine ndikudziwa. Sindikuikira kumbuyo apongozi anga, amuna akowo, zochita zawo sindizidziwa. Koma ndikukupempha kuti usayambe ndi mlandu. Yamba ndi bere, yamba ndi kukiliniki. Mlandu ungathe kudikira chaka, mwana sangadikire. Ife tinatha tsiku lathunthu tikuweruza munthu wamkulu, khanda lili lokha m'nyumba.

Za ulendo wamawa. Galimoto imagonetsa ana, ndipo Yotamu ukamulekerera agona kuchokera pano mpaka pa mlatho wa Luangwa, anthu a m'basi n'kumakuyamikira kuti mayi inu muli ndi mwayi. Usamvere. Muyamwitse musanakwere minibasi. Muyamwitsenso ku Chipata mukudikira basi yaikulu. Basi ikaima pa Katete, pa Petauke, pa Nyimba, anzako akamatsika kukagula nthochi iwe yamba wamudzutsa mwana. Usamukwirire m'mabulangete atatu mpaka osamuona nkhope, kutentha kumamuwonjezera tulo. Nawenso uzimwa madzi ndi kudya, ndakuikira mbatata yophika ndi mtedza wokazinga m'kathumba kabuluu. Akalira m'basi, alire. Wina akadandaula umuuze kuti ambuya ake a ku Chadiza analamula.

Mwina ndikulakwanso. Ndalakwapo katatu, kulakwa kachinayi sikungandidabwitse. Mwina Yotamu ndi wofatsa basi, monga atate ake, ndipo mudzabwera pa Khirisimasi ali dumbwiri, wonenepa bwino, iwe n'kumandiseka kuti amama munatha pepala ndi mantha a chabe. Ndidzakondwa, undiseke mpaka ugwe pansi. Koma taganiza wekha. Ukamudzutsa pamene sipanafunike, wataya chiyani? Tulo pang'ono basi. Ukamusiya pamene panafunika kumudzutsa, zimenezo ine ndikuzidziwa, ndipo sindikufuna kuti nawenso uzidziwe.

Ndinali ndi zambiri zoti ndikuuze, za kukhala ndi anthu m'tauni, za mkwiyo wakowo, za kupemphera. Zonse zabalalika. Udzaziphunzira wekha, kapena ndidzakulembera ina mutu ukadzakhazikika. Atate ako akuti adzakuperekeza pa njinga mpaka pamsewu. Ine sindifika kumeneko, ndingachititse manyazi.

Iwe wangobwera kumene kudzamugoneka Yotamu pamphasa pambali panga pano, wati m'nyumba muli fumbi. Wandiyang'ana ndi diso lija n'kunena kuti, "Amama, chonde musamudzutse, ndimalize kulonga." Ndavomera ndi mutu. Koma wayamwa komaliza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo tsopano mthunzi wa nkhokwe wafika pa mpanda. Ndikumuyang'ana pano. Maso ndi otseka, koma timilomo tayamba kugwedera, ndipo kankhonya kakukwera.

Ndikulekera pompa. Ndikumunyamula, ndikubwera naye mmenemo, ndipo ukwiya nane pa tsiku lathu lomaliza. Kwiya, mwana wanga. Mawa m'basi udziwa chifukwa chake.

Ndine amako,
Nabanda